Saksofoni ya ku Cape Town pakati pa ng'oma za beni

Mwana wa mlongo wanga anabwerera kuno ku Mangochi m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa limawotcha mpaka phula la pamsewu wa ku Monkey Bay kufewa, atanyamula zinthu ziwiri zimene ankazisamala kuposa katundu wina aliyense: bokosi lakuda mmene munali saksofoni yake, ndi chimbale cha nyimbo zisanu ndi zitatu chimene anajambula ku Cape Town atamaliza zaka zinayi za maphunziro a jazz. Kwa miyezi iwiri tsopano ndakhala ndikumvetsera chimbalechi pafupifupi tsiku lililonse, kawirikawiri madzulo ndili pakhonde, kutentha kukayamba kuchepa ndipo kamphepo kakuchokera ku mtsinje wa Shire. Monga malume wake, ndinali mmodzi mwa amene anavomereza ulendo wa kusukuluwo pamene abale ena ankaukana, choncho ndikuona kuti ndili ndi udindo womvetsera mosamala ndi kunena zimene ndamva, zokoma ndi zimene sizinandikhutiritse zomwe.

Madzulo a tsiku limene anafika, titadya nsima ya chambo imene amayi ake anakonza, anatsegula bokosi lija pamkeka ndipo ana onse a pakhomo anamuzungulira. Asanalumikize chilichonse, anatulutsa kachidutswa ka bango kopalidwa bwino, kotalika ngati chala, n'kukaika m'kamwa kuti kanyowe, kwinaku manja akupukuta khosi la chidacho ndi kansalu. Nditamufunsa chifukwa chake, anakachotsa m'kamwa n'kundionetsa kunsonga kwake, kumene n'kopyapyala moti kuwala kwa nyali kumadutsa. “Amalume,” anatero, “mawu onse amabadwira pa kabango aka. Chitsulo chonsechi ntchito yake ndi kuwakuza ndi kuwaumba basi.” Anandifotokozera kuti mabango ambiri a ntchito imeneyi amalimidwa kummwera kwa dziko la France, m'dera la Var, kuti kamodzi kamafooka pakangopita milungu yochepa, ndiponso kuti m'paketi imodzi si onse amene amalira bwino. Ine amene ndakulira pakati pa mabango a m'mbali mwa Shire, amene timamangira mipanda ndi kusokera mphasa, ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ndinali ndisanaganizepo kuti mawu aakulu chotere angatsamire pa chomera chofanana ndi chimene ife timachidutsa tsiku ndi tsiku popita kudooko.

Amene anapanga chida chimenechi ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, ndipo analandira chiphaso cha umwini wake ku Paris mu 1846. Malo oyamba amene chinakhazikika anali magulu oyimba a asilikali, kumene chinkafunika kumveka bwino panja pakati pa malipenga ndi zitoliro. Amene anachisandutsa chida cholankhula ngati munthu ndi oyimba akuda a ku America, anthu ngati Coleman Hawkins, Lester Young, Charlie Parker ndi John Coltrane, amene anachiphunzitsa kubuula, kunong'ona ndi kudandaula. Asilikali aja ndawatchula dala, chifukwa ndi pa iwo pamene saksofoni imakumana ndi Mangochi, ndipo ine ndinazindikira zimenezi nditamva nyimbo yachitatu ya m'chimbalechi.

Nyimboyi imayamba ndi ng'oma yaikulu yokha ikugunda mayendedwe a perete, kenako wezulo, kenako ting'oma tating'ono tothamanga pamwamba pake, ndipo munthu wobadwira kuno sangafunse kuti ndi gule wanji. Ndi beni. Guleyu anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga Mombasa ndi Lamu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene anthu a kumeneko ankatsanzira magulu oyimba a asilikali a Azungu, ndipo dzina lake linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oyimba. Kuno anafala makamaka ndi asilikali ndi amtengatenga amene anabwerera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, ndipo Ayao anamulandira n'kumusandutsa wawowawo. Yunifolomu ya khaki, mamendulo a pachifuwa ndi maudindo a ovina n'zochokera ku usilikali, koma mapewa, miyendo ndi nyimbo n'za kwathu. Kumpoto, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mbale wake ndi gule wa malipenga, kumene zikho ndizo zinalowa m'malo mwa malipenga achitsulo. Choncho mnyamatayu akamayimba saksofoni pamwamba pa ng'oma za beni, amakhala akukumanitsa abale awiri amene anachokera pa bwalo limodzi la perete n'kusiyana njira kwa zaka zoposa zana limodzi, wina kulowera ku New York ndi Kansas City, wina kutsikira kunyanja kuno. N'chifukwa chake nyimboyi simveka ngati chigamba chosokerera. Saksofoni ikalowa, imatenga malo a mtsogoleri wa nyimbo, piyano ndi besi zimavomera monga amayi amavomerera pabwalo, ndipo pakati pake iye amasiya chuni chija n'kuyamba kupeka zake kwa mphindi pafupifupi zitatu osataya ng'oma yaikulu ngakhale kamodzi.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti iye sanachoke kuno akudziwa zimenezi. Saksofoni anaiona koyamba ali mwana wa pulayimale, zaka zimene chikondwerero cha Lake of Stars chinkachitikira ku Nkopola, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unali pa nyimbo za kunja. Beni ankamuona ngati gule wa pamisonkhano ndi pa zikondwerero za kumudzi, woyenera kuonerera koma wosafunika kumuphunzira. Kuwerenga manotsi a nyimbo anakaphunzira ku Lilongwe, ndipo atapeza malo kusukulu ya ku Cape Town, anathera zaka ziwiri zoyambirira akuchita zimene wophunzira jazz aliyense amachita: kumvetsera akatswiri akale, kulemba papepala liwu lililonse limene anayimba, kulibwereza m'makiyi onse khumi ndi awiri mpaka zala zitaloweza, ndi kuzolowera kupeka nyimbo pomwepo motsatira makodi, mawu angapo olira pamodzi, amene woyimba piyano akusintha. Tsiku lina mphunzitsi wawo anapempha aliyense m'kalasi kuti ayimbe kanthu ka kwawo. Mnzake wa ku Ethiopia anayimba, wa ku Eastern Cape anayimba, wa ku Maputo anayimba marrabenta, ndipo itafika nthawi yake iye anapeza kuti m'zala zake munadzaza Charlie Parker koma munalibe Mangochi ngakhale pang'ono. Anandiuza kuti usiku umenewo sanaone tulo.

Chimene chinamutsegula makutu ndi mwambo wa kumayambiriro kwa chaka, umene mwachizolowezi umachitika pa 2 Januwale, pamene magulu a ovina ndi oyimba amadzaza misewu ya Cape Town atavala zonyezimira, akuliza malipenga, mabanjo ndi ng'oma yooneka ngati mgolo yotchedwa ghoema. Mizu ya mwambowu ili mwa akapolo amene anabweretsedwa kumeneko kuchokera ku Mozambique, Madagascar, India ndi Indonesia, ndipo oyimba ngati Abdullah Ibrahim, Basil Coetzee ndi Robbie Jansen anatenga kugunda kwa ng'oma imeneyi n'kukulowetsa mu jazz mopanda manyazi. Ataima m'mbali mwa msewu akuona magulu aja akudutsa mondondozana, aliyense ndi yunifolomu yake ndi mtsogoleri wake, anakumbukira bwalo la kwathu. Usiku womwewo anandiyimbira foni. “Amalume, ndithandizeni. Mupite mukandijambulire beni.”

Loweruka lotsatira ndinakwera kabaza kupita kumudzi wina wa chaku Makawa kumene ndinkadziwa kuti kuli gulu lolimba. Ndinapeza anyamata akuwamba ng'oma pamoto wa udzu, akuzigogoda ndi chala n'kuzibwezeranso pamoto mpaka chikopa chitakungika, ndipo mkulu wa gululo, bambo wachikulire amene wavina beni kuyambira ubwana wake, anandifunsa kuti mwana amene ali ku Joni akufuniranji ng'oma za kumudzi. Kuno ku Mangochi pafupifupi banja lililonse lili ndi mbale wake ku South Africa, ndipo tinazolowera kuti kumeneko kumachokera ndalama, njinga, mafiriji ndi malata. Kuti wina apemphe kanthu kochokera kuno kupita uko chinali chachilendo kwa iwo, ndipo anakondwa nacho. Ndinaima pafupi ndi ng'oma yaikulu kwa ola lathunthu foni ili m'manja, ndipo usiku ndinatumiza zonsezo pa WhatsApp.

Njira imeneyi, yopita kutali kuti ukamve bwino za kwanu, ena anaiyendapo kale. Manu Dibango anachoka ku Cameroon mu 1949 ali mnyamata kupita kusukulu ku France, kumene anaphunzira saksofoni, koma chimene chinamutchukitsa padziko lonse mu 1972 ndi makossa a kwawo ku Douala. Hugh Masekela wa ku South Africa anafika ku New York mu 1960 n'kulowa ku Manhattan School of Music, ndipo akuluakulu a jazz a kumeneko anamulangiza kuti asalimbane ndi kuwatsanzira iwo koma ayimbe za kwawo. Zim Ngqawana, ataphunzira ku Durban, anapita ku Massachusetts kukaphunzira pansi pa Archie Shepp ndi Yusef Lateef, ndipo atabwerera saksofoni yake inkalankhula Chixhosa kuposa kale. Ulendowu sunali wolowera mbali imodzi yokha, pakuti nyimbo imene August Musarurwa, woyimba saksofoni wa ku Bulawayo, anapeka inawoloka nyanja mpaka Louis Armstrong anaijambula mu 1954. Kuno kwathu, Daniel ndi Donald Kachamba anamva kwela ali ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, anabwera nayo ku Chileka n'kuipatsa kayimbidwe kawo, ndipo pambuyo pake anakaiyimba ku Ulaya mothandizana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria.

Nyimbo imene ndimaibwereza kuposa zonse ndi yachisanu ndi chimodzi, ndipo mulibe ng'oma n'komwe. Ife ndife Akhristu, koma monga mabanja ambiri a kuno tili ndi abale ndi anansi Achisilamu, ndipo mnyamatayu anakula akumva sikiri, pamene amuna amaima pamodzi, matupi akugwedezeka mogwirizana, akutulutsa mpweya kuchokera pansi pa chifuwa mpaka kupumako kumasanduka ngati ng'oma. Liwu lakuti sikiri linachokera ku Chiarabu ndipo limanena za kukumbukira Mulungu. Ku Cape Town anapeza kuti Asilamu a kumeneko nawonso amasonkhana m'nyumba kuchita mapemphero a mtundu womwewo, ndipo zinamuthandiza kumva chinthu chimene kuno ankangochidutsa. M'nyimboyi saksofoni imayambira pansi penipeni, moti umayamba wamva mpweya liwu lisanatuluke. Imabwereza mawu awiri okha, lalifupi ndi lalitali, ndipo besi imatsatira pang'onopang'ono ikukhwekhwerezedwa ndi uta. Mawu awiri aja amakula, amafulumira, amakwera mpaka chida chija chimayamba kusasa mawu ngati munthu amene wafuula nthawi yaitali, kenako zonse zimatsika, ndipo chakumapeto kumangotsala mpweya wodutsa m'chitsulo ndi kaphokoso ka mabatani akutsekeka. Sanatenge mawu opatulika kapena chuni cha pemphero lililonse, ndipo asanajambule anayamba wafunsa shehe wina wachikulire, mnansi wathu, ngati kutenga kapumidwe kokhako kungakhumudwitse anthu. Shehe uja atamvetsera anamulola. Mlongo wanga atayimva koyamba anasiya mpunga umene ankapeta n'kundifunsa kuti, “Achimwene, mwanayu akuyimba kapena akupemphera?” Mwa zonse zimene anaphunzira kunja, ndi mu nyimbo imeneyi mmene ndimaona phindu la zaka zinayi zija, chifukwa kuti munthu asunge liwu lotsika chotero osagwedezeka, n'kulikweza pang'onopang'ono osathamanga, pamafunika maola ambirimbiri oyimba liwu limodzi lokha m'chipinda chotseka.

Pali nyimbo zina zimene sizinandigwire mtima. Yachiwiri ndi samba ya ku Brazil, yoyimbidwa mwaluso ndi mwaukhondo, koma ikanatha kuyimbidwa ndi wophunzira wina aliyense wa m'kalasi mwawo. Yachisanu ndi chiwiri yatsamira pa mawu asanu a kayimbidwe ka ku Ethiopia, ndipo imayenda bwino chifukwa amene akutsogolera ndi mnzake wa ku Addis Ababa uja, iye akungotsatira modzichepetsa. Imene inandivuta ndi yachisanu, mmene anaika tabla, ng'oma za ku India, gitala ya Chibrazil ndi kalimba nthawi imodzi. Chilichonse chimamveka bwino pachokha, koma palibe chimene chikuyankha chinzake; zili ngati katundu woyalidwa pabenchi limodzi mumsika wa pa boma, sopo apa, usipa apa, mabatire apo. Ndinamuuza zimenezi maso ndi maso, ndipo anandiyankha mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. “Amalume, anthu amenewa ndinkadya nawo m'mbale imodzi kwa zaka zinayi. Ndikanawasiya kunja kwa chimbalechi, ndikanakhala ndikunama za moyo umene ndinakhala kumeneko.” Yankho limeneli ndimalilemekeza, ndipo linandithandiza kumvetsa kuti chimbale choyamba cha munthu wochokera kusukulu chimakhalanso ngati kalata yothokoza anzake. Komabe maganizo anga pa nyimboyo sanasinthe. John Coltrane anasinkhasinkha nyimbo za ku India kwa zaka zambiri, mpaka mwana wake anamutcha Ravi polemekeza Ravi Shankar, katswiri wa nyimbo za kumeneko. Stan Getz, woyimba saksofoni wa ku America, pojambula bossa nova ya ku Brazil mu 1963 anali ndi João Gilberto ndi Antônio Carlos Jobim m'situdiyo momwemo, eni ake a nyimboyo. Yusef Lateef anakakhala zaka zingapo ku Zaria, ku Nigeria, akuphunzira zitoliro za kumeneko. Mwana wa mlongo wanga tabla anaidziwa kwa miyezi yochepa chabe, pamene beni ndi sikiri zinali m'makutu mwake asanayambe n'komwe sukulu, ndipo kusiyana kumeneku kumamveka.

Anthu ambiri amene amvetsera chimbalechi pano pakhomo amafunsa funso limodzi, lakuti mawu ayamba nthawi yanji. Funsoli n'lomveka, chifukwa nyimbo zathu zambiri zimanyamulidwa ndi uthenga, ndipo woyimba timamuyesa ndi zimene wanena. Ngakhale liwu lakuti jazz lili ndi mbiri yakeyake kuno: kwa makolo athu linkatanthauza magulu a banjo ndi ng'oma zopanga okha, monga Chimvu Jazz ya Alan Namoko wa ku Thyolo, amene nyimbo zake zinali zodzaza ndi nkhani. Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu Januwale 2021, anasonyeza kuti ng'oma za vimbuza ndi Chitumbuka zingakhale bwinobwino m'nyumba ya jazz, ndipo Erik Paliani anafika poyimba gitala ndi kukonza nyimbo za Hugh Masekela mwiniwakeyo. Njira ilipo, koma chimbale chopanda liwu la munthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza chikadali chinthu chofuna kuleza mtima kwa omvera a kuno, ndipo mnyamatayu akudziwa kuti chida chake chikawonongeka, ngakhale kachikopa kamodzi ka pansi pa batani kakauma ndi kutentha kwa kuno, wokonza sangamupeze pafupi.

Chakumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, tinapita limodzi kumudzi wa chaku Makawa uja titanyamula kasipika kakang'ono ndi bokosi lakuda lija. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo mkulu wa gulu uja anamvetsera nyimbo yachitatu maso ali chotseka, phazi lakumanja likugunda pansi. Itatha anapempha kuti tiyibwereze. Itathanso kachiwiri anayang'ana mnyamata uja n'kunena kuti, “Mwanawe, ng'oma wazigwira ndithu. Koma lipenga lakoli silikudikira ovina. Wezulo ikalira, mwendo umayamba watembenuka, ndiye nyimbo imatsatira pambuyo. Iwe ukulowa mwendo usanafike pansi.” Pomwepo ndinazindikira kuti mbali ina ya vutoli inachokera kwa ine, chifukwa tsiku lija ndinajambula mawu okha osajambula zithunzi, ndipo woyimba ng'oma wa ku Cape Town anaphunzira beni ndi makutu okha, osaona ngakhale wovina mmodzi.

Mnyamata uja sanatsutse. Anagwada n'kutsegula bokosi, anaika kabango kaja m'kamwa, ndipo anyamata anayatsa udzu kuti awambe ng'oma. Ovina asanu ndi mmodzi anandanda opanda yunifolomu, ena ali chosavala nsapato. Katatu konse analowa msanga, ndipo katatu konse mkulu uja anakweza dzanja n'kuimitsa ng'oma. Ulendo wachinayi anachotsa maso pa ng'oma n'kuyang'ana mapazi a wovina wa kutsogolo, anadikira fumbi lituluke pansi pa chidendene, ndiye analowa. Mkulu uja sanakwezenso dzanja, ndipo amayi amene ankachokera kunyanja ndi mabeseni a usipa pamutu anaima n'kuyamba kuvomera nyimbo ija m'Chiyao. Anayimba mpaka nyali za asodzi zitayamba kuoneka panyanja.

Ulendo wake wobwerera ku Cape Town wausuntha mpaka mvula itatha, ndipo Loweruka lililonse amapita kumudzi kuja. Akufuna kuti nyimbo yachitatu ija adzaijambulenso pabwalo pomwepo, ovina alipo, ndipo wakhala kale pansi ndi akuluakulu a gululo kukambirana za malipiro awo ndi za mmene mayina awo adzalembedwere pachikuto cha chimbale. Ine wandipatsa ntchito yolemba mawu a nyimbo za Chiyao zimene gululo limayimba, pamodzi ndi matanthauzo ake m'Chichewa, ndipo pofika sabata yathayi kope langa linali ndi nyimbo khumi ndi imodzi.